Airbrush yanga inkalavula ngati mwana wokana phala

Katundu anabwera pa basi ya ku Joni, ndipo ndinakamulandira ku Blantyre Loweruka lina m'mamawa. Pobwerera, kondakitala wa minibasi ankafuna kukankhira katoniyo pansi pa mpando wakumbuyo pamodzi ndi matumba a anthu, ine ndinakana. Ndinaikhazika pamiyendo kuchokera ku Limbe, kudutsa pa Namadzi ndi pa Thondwe mpaka kutsika m'tauni ya Zomba, anzanga apampando akungondiyang'ana ngati ndanyamula mazira. M'katonimo munali kompresa yaing'ono yakuda, paipi ya mpweya, ndi kabokosi ka siponji mkati momwe munagona airbrush (kachipangizo kopopera penti ndi mpweya) yonyezimira, yopanda dzina la kampani paliponse. Alamu anga amene anaigula kumeneko anangoti pa foni, "Alamu, mwini shopu wati oyamba kumene onse amatenga yomweyi. Zinazo mukaona nokha."

Ndinaonadi ndekha. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo patebulo langa pali ma-airbrush awiri: yopanda dzina ija ndi Iwata Eclipse HP-CS imene ndinadzagula pambuyo pake. Anthu angapo andifunsapo kuti agule iti, ena akudandaula kuti yawo ikungotulutsa mpweya wokhawokha, ndiye ndati ndilembe kamodzi n'kamodzi zimene zinandionekera.

Ine ndimakhala ku Matawale, ntchito yanga ya masana ndi ya muofesi, sikhudzana ndi penti. Ndili mwana ndinali katswiri wa magalimoto a mawaya, aja a mawilo a zitini za polishi, ndipo chizolowezicho sichinandichoke. Pano ndimapanga timinibasi ta pulayiwudi, ndimalumikiza timagalimoto ndi tindege ta pulasitiki ta Tamiya ndi Airfix timene alamu amatumiza akapeza wonyamula, komanso ndimagula nsomba zosema zosapenta kwa anyamata a ziboliboli kumsewu wokwera ku Ku Chawe. Nsombazo n'zimene zinandichititsa kulakalaka airbrush. Mukadzagula chambo pamsika mudzachiyang'anitsitse musanachipale mamba. Kumsana n'chodera, m'mbali chimanka chiyera pang'onopang'ono, pamimba pali mbee, koma palibe pamene mungaloze kuti kuda kwathera apa. Burashi singakupatseni zimenezo. Ndinayesa miyezi, nsomba zanga zonse zinkatuluka ngati zavala yunifolomu ya mitundu iwiri.

Kwa amene sanaigwirepo, airbrush ili ngati cholembera chonenepa chachitsulo. Mkati mwake mwadutsa singano yaitali, nsonga yake imatseka kabowo ka nozzle kutsogolo. Mpweya wochokera mu kompresa umathamanga mozungulira nozzle ija, ndipo liwiro lakelo limakoka penti n'kumuswa kukhala ngati nkhungu. Pa mtundu umene amati double action, mukatsindika kabatani ka pamwamba pamatuluka mpweya wokha, mukakakokera m'mbuyo singano imabwerera, bowo limatseguka, penti n'kuyamba kutuluka. Kukoka pang'ono, kamzere kangati tsitsi. Kukoka kwambiri, fwaa. Pa yanga yoyamba kabowoko kanali 0.2 mm basi, ndipo pafupifupi mavuto onse amene ndinene amachitikira pa kabowo kameneka kapena panjira yokafika pamenepo.

Choyamba kundikhumudwitsa sichinali penti n'komwe. Kompresa inabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya mano atatu obulungira, pamene soketi zathu n'za mano afulati. Ndinadula n'kuikapo pulagi yathu, nkhani inathera pomwepo chifukwa magetsi akuno ndi akumeneko onse ndi 230 V. Koma amene muli ndi abale ku America samalani, makompresa a kumeneko ndi a 110 kapena 120 V, mukangoilumikiza pakhoma kuno mumva fungo la waya.

Usiku woyamba ndinafinya penti wa acrylic wa m'chubu, uja amagulitsa m'mashopu a mabuku ndi zolembera, ndinathiramo timadzi pang'ono, n'kuvundula ndi kamtengo ka machesi. Nditakoka kabatani panangomveka pyee, mpweya wokha. Ndinakoka mpaka kumapeto, kenako phwa, madontho akuda thobwa lonse pamsana pa nsomba. Ndinapukuta, kuyesanso, chimodzimodzi. Masekondi atatu zii, kenako kulavula. Mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Ndiye chimenechi n'chimene munapitira ku Blantyre? Chikulavula ngati mwana wokana phala." Zinandipweteka chifukwa zinali zoona.

Masabata atatu ndinkangotukwana chipangizocho, kuti alamu anagula chinthu chabodza. Amene ananditsegula m'maso ndi madala ena a ku Chinamwali opopera penti magalimoto pagalaja ina. Ndinawatengera zonse mujumbo, ndi penti wanga wosungunula kale m'kabotolo. Anapendeketsa kabotoloko, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ameneyu mwamusungunula ndi chiyani, bambo?"

"Madzi pang'ono, madala."

"Pang'ono pake pati? Ili ndi phala. Gani yanga iyi bowo lake ndi 1.4, koma phala lotere singameze. Nanga kanu aka ka bowo losaoneka ndi maso?"

Anatenga kapu ya pulasitiki, kuthiramo penti uja, kuwonjezera madzi, kuvundula, kuwonjezeranso, mpaka ine ndinayamba kudandaula mumtima kuti akundionongera penti. Kenako anatunga kadontho ndi kamtengo n'kukakhudzitsa m'mbali mwa kapu. Kanatsetsereka msanga mpaka pansi, kakusiya kamzere kopyapyala koonekera mkati, monga mmene tiyi wamkaka amasiyira m'mbali mwa kapu mukaipendeketsa. "Akamayenda chonchi ndiye wapsa," anatero. "Akaima pomwepo ngati dontho la phala, musamuike. Akathamanga osasiya mtundu uliwonse, mwapyola." Mpaka lero muyeso wanga ndi umenewo. Ndinaonapo anthu akulimbana za manambala, wina akuti theka ndi theka, wina akuti magawo awiri kwa limodzi, chonsecho penti woyera ndi wakuda wa kampani imodzi yomweyo sasungunuka mofanana. Woyera ndi wachikasu ndi amwano kuposa onse.

Madalawo anandiuzanso kuti ndizisefa. Penti wa m'chubu ali ndi timibulu tosaoneka, ndipo botolo likakhalitsa pakamwa pake pamauma timakoko timene timagwera mkati. Kamodzi kokha n'kokwanira kutseka 0.2 mm. Ndinayamba ndi sefa wa tiyi wa kukhitchini, mlandu unakula, ndiye pano ndimagwiritsa ntchito kachidutswa ka sokosi yakale ya nayiloni kokulunga pakamwa pa kabotolo. Koma ndinene zoona, penti wa m'chubu sanapangidwire airbrush. Ufa wake wa mtundu ndi wokhakhala, ndipo mukamusungunula kwambiri ndi madzi okha amataya mphamvu yogwira, akauma amachoka ndi chala. Pa bowo la 0.5 mm amapita, pa 0.2 mm ndi nkhondo. Penti wa timabotolo wa Tamiya ndi Vallejo ndi wosalala kwambiri. Wa Tamiya ali ndi alcohol mkati, thinner wake ndi X-20A, ndipo ndimayambira pa theka ndi theka kenako n'kuona m'mbali mwa kapu. Wa Vallejo ndi wa madzi, ndipo mtundu umene amautcha Model Air umabwera wosungunula kale. Tsiku lina thinner atandithera ndinathira sipiriti wa papo uja mu Vallejo poganiza kuti acrylic ndi acrylic. Anagwirana nthawi yomweyo ngati chambiko, ndipo ndinatha madzulo onse ndikutokosa. Kulakwa kunali kwanga.

Penti atakhala bwino, panabwera za mpweya. Pa kompresa pali kawotchi ndi kogudumuza, ndipo ine poyamba ndinkangotsegula mpaka kumapeto poganiza kuti mpweya wambiri ndiye mphamvu. Penti wosungunuka bwino amafuna mphamvu ya mpweya ya psi 15 mpaka 20 pa wotchiyo, kwa amene wotchi yawo ili mu bar ndi kungopyola pang'ono bar 1, chifukwa bar imodzi ndi psi 14.5. Wa pansi, primer, ndimakweza kufika cha m'ma 25. Muziwerenga wotchiyo mutatsindika kabatani, chifukwa mpweya ukayamba kutuluka muvi umatsika. Mukaona penti akumwazika pa chinthu ngati miyendo ya kangaude, ndiye kuti wasungunuka mopyola, kapena mwayandikira kwambiri, kapena mpweya wachuluka. Mukaona timadontho ngati mchenga, penti walimba kapena mpweya wachepa. Akafika pa chinthu ali wouma kale, wokhakhala ngati sandipepa, mwatalikira. Pophimba malo aakulu ine ndimasiya mpata wa chikhatho chimodzi, pojambula mizere ndimafika pafupi ngati utali wa chala, mpweya n'kuchepetsa.

Apa ndiye pamene Zomba amalowerera nkhaniyi, chifukwa airbrush imodzi yomweyo imakhala ndi makhalidwe awiri pachaka.

Mu Okutobala, kukatentha kuja koti ngakhale mthunzi wa phiri suthandiza, penti wa madzi amauma pa nsonga ya singano musanamalize mbali imodzi ya minibasi. Mumayamba bwinobwino, mzere n'kumanka uchepa, mumakoka kabatani kwambiri kuti penti abwere, kenako kachikoko kouma kaja kamathothoka n'kutulukira limodzi ndi penti yense amene anadikira kumbuyo. Phwa. Mukayang'ana kutsogolo mupeza kamphuno ka penti wouma pa nsonga. Mankhwala ake ndi otchipa: kathonje kapena mswachi wakale woviika m'madzi pambali, mphindi ziwiri zilizonse kupukuta nsonga mofatsa. Kadontho ka mankhwala otchedwa flow improver kapena retarder m'kapu ya penti ya pa airbrush kamachedwetsa kuuma. China ndi chala chanu. Mpweya uziyamba, penti azibwera pambuyo, ndipo pomaliza bwezani kaye kabatani kutsogolo penti aleke, kenako mpweya. Mukasiya zonse nthawi imodzi, kadontho kamatsala pa nsonga, ndipo kameneko n'kamene kadzakulavulireni mukayambanso. Zinanditengera mwezi kuti chala chizolowere. Mwezi umenewo ndinkapenta m'mamawa dzuwa lisanakwere, manyuzipepala akale ndi amene ankalandira mizere yanga.

Mu Januwale ndi zina. Mvula ya kuno mukuidziwa, mitambo ikatsika m'phiri zovala zimatha masiku atatu pachingwe, nsapato m'kabati n'kuchita nkhungu. Mpweya umene kompresa imakoka umakhala wodzaza chinyezi. Ikaupanikiza umatentha, ukamadutsa mu paipi umazizira, chinyezi chija n'kusanduka madzi enieni. Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza Land Rover ya Tamiya ya sikelo ya 1:35, masabata awiri ndikuigwira, ndikuika penti womaliza pa boneti. Ndinangomva kakulira kachilendo, bwibwi, kenako dontho la madzi linatera pakati penipeni pa boneti, penti n'kutseguka bwalo ngati diso la nsomba. Ndinazimitsa kompresa n'kukakhala pakhonde osalankhula ndi munthu. Kompresa inali ndi kagalasi kake kogwira madzi pansi pa wotchi, koma kagalasiko kali pafupi ndi injini pomwe mpweya ukadali wotentha, ndiye chinyezi china chimadutsa n'kukasanduka madzi kutsogolo mu paipi. Ndinaitanitsa kena kakang'ono kolumikiza pansi pa airbrush penipeni, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo ndimatsindika kavavu kake nthawi iliyonse ndisanayambe. Mumadabwa madzi amene amatuluka. Nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye amabweranso, ngakhale pang'ono.

Vuto limene linandizunguza mutu kwambiri ndi thovu m'kapu. Mukatsindika kabatani, m'malo moti penti apite kutsogolo, m'kapu mumayamba kuwira ngati mphika. Zikatero ndiye kuti mpweya wapeza njira yobwerera m'mbuyo kudzera momwe mumadutsa penti. Mwina chivindikiro cha kutsogolo sichinamangike bwino, mwina penti wouma watseka potulukira, mwina nozzle sinakhale bwino pamalo pake, kapena yang'ambika. Ndinachapa kasanu, osasintha. Ndinabwereranso ku Chinamwali. Madala aja anaseka, "Mwabweranso, bambo? Bola inu mumafunsa. Paja safunsa anadya phula." Atatero analowa mkati n'kutulukadi ndi kachidutswa ka phula lenileni la njuchi, kuti ndizipaka pang'ono pa mazinga a chivindikiro kuti mpweya usamadutse m'mbali. Ndinawauza kuti ndiye wofunsa nayenso wapatsidwa phula. Linathandiza sabata imodzi, thovu n'kubwerera. Nditajambula nozzle ndi foni n'kukulitsa chithunzi, ndinaona kamng'alu kuchokera pakamwa kutsika m'mbali. Ndinaing'amba ndekha pokankha singano mwamphamvu pobwezera ndikamaliza kuchapa. Singano imafuna kungoitsetsereka mpaka yakhudza, basi.

Tsopano ndinene za airbrush yopanda dzinayo payokha, chifukwa si zonse zimene zinali zolakwa zanga. Nozzle yake ndi kanthu kochepa kuposa njere ya mpunga, ka mazinga, komangira ndi kasipanala kamene kamabwera m'bokosi. Chitsulo chake n'chofewa. Yachiwiri imene ndinaika, ndinangopotoza pang'ono kupyola pamene inaima, inaduka, mazinga n'kutsalira mkati. Ndinawatulutsa ndi chotokosera m'mano, thukuta lili kamukamu. Ina inagwa pansi pa simenti usiku magetsi atazima, tinaisaka ndi tochi ya foni ine ndi mwana wanga wamkazi, mpaka lero sinaoneke. Zosinthira zake kuno kulibe, ku Blantyre ndinazungulira osazipeza, ndiye kudikira alamu miyezi iwiri, ndipo pa nozzle zitatu zimene anatumiza imodzi yokha ndi imene inakwana, pakuti zopanda dzinazi zimafanana nkhope koma mazinga ake ndi osiyana. Timphira take takuda ta mkati tinafufuma nditachapira thinner wa magalimoto, singano n'kuyamba kukakamira. Singanoyo mukaiyendetsa pa chikhadabo mumamva kukhakhala, n'chifukwa chake penti amaumirapo msanga. Kabatani kake kamayenda ngati muli mchenga. M'kapu, chonyezimira chija chinayamba kusupuka chaka chisanathe.

Komabe sindinganene kuti musagule. Inandiphunzitsa kumasula ndi kumanga popanda mantha, ndipo chilichonse chimene ndinathyola pa iyo chikanandiliza ndikanachithyola pa yodula. M'bokosi mwake munalinso singano ndi nozzle za 0.3 ndi 0.5 mm zimene poyamba sindinazilabadire, poganiza kuti yaing'ono ndiye ya akatswiri. Tsiku limene ndinaikamo 0.5, theka la mavuto anga linatha. Amene muli nayo kale yotereyi, chotsani 0.2 ija lero, muisunge.

Pali usiku wina umene ndimachita nawo manyazi. Nditachapa bwinobwino, mpweya ukutuluka, penti ayi, ngakhale madzi enieni osatuluka. Ndinamasula zonse kawiri. Cha m'ma 11 koloko ndinazindikira kuti kanati kogwira singano kumbuyo sindinakamange, ndiye kabatani kankangoyenda kokha singano ili chiimire. Musanayambe kutukwana, tsegulani chogwirira cha kumbuyo muone ngati singano ikuyenda. Ndipo zikakhala mosemphana, penti akutuluka mutangotsindika mpweya musanakoke, ndiye kuti singano sinafike kutsogolo kapena muli kachinyalala mu nozzle kamene kakuiletsa kutseka.

Iwata ndinaigula chaka chachiwiri, nditasunga ndalama miyezi ingapo, ndipo mtengo wake wokha unaposa katoni yonse yoyamba ija ndi kompresa yomwe. Mayi a kunyumba anaumva mtengowo mochedwa, tisaiyambe imeneyo. Ndi ya kampani ya ku Japan, bowo lake 0.35 mm, kapu ya pamwamba ya 7 ml. Chimene ndinaikondera tsiku loyamba ndi nozzle. Ndi yaikulu yoti mumaigwira ndi zala, ilibe mazinga olowa m'thupi la airbrush, mumangoiponyamo n'kumanga chivindikiro, yokha imakhala pakati. Kasipanala kothyolera zinthu kaja palibe ntchito yake pa nozzle. Njira ya penti mkati mwake ndi yotakasuka, moti penti amene yakale inkakana pa 0.3, iyi imameza. Chotchinga cha singano mkati ndi cha pulasitiki yotchedwa PTFE, sichifufuma ndi thinner. Singano ndi yosalala, penti amachedwa kuumirapo, ngakhale mu Okutobala kathonje kanga sikachoka pambali. Chogwirira cha kumbuyo n'chobooka m'mbali, ndiye ikatsekeka pang'ono mumangokoka singano m'mbuyo osamasula kanthu, n'kupopera mwamphamvu pa nyuzipepala. Kabatani kamamvera chala. Chambo choyamba chimene ndinachita nayo, kuda kwa kumsana kunatsika n'kuzimiririka m'mbali mmene ndinkafunira kuyambira kale, ndipo timizere ta m'mbali mwa chambocho ndinatijambula ndi dzanja popanda tepi.

Koma tamverani, ndikaikamo phala nayonso imalavula. Mu Januwale ndikaiwala kutaya madzi, nayonso imaponya dontho. Inachepetsa nthawi yochapa ndi yokonza, sinachotse ntchito yosungunula ndi kusefa penti. Singano yake yoyamba ndinaipinda ndekha, nditachotsa kachipewa ka kutsogolo kuti ndijambule mzere wopyapyala kenako n'kugunda mphepete mwa tebulo. Nsonga ikapindika penti amapita chammbali, ndipo mukaikoka mokakamiza kudutsa mu nozzle imang'amba. Ndinaiwongola poigudubuza pang'onopang'ono pa galasi, inagwirako ntchito, koma yatsopano ndinaitanitsabe. Ubwino wa ya dzina ndi umenewo: mumatchula dzina ndi nambala, chimene chabwera chimakwana.

Si Iwata yokha. Badger Patriot 105 ya ku America imabwera ndi 0.5 mm, yokhululuka kwambiri pa penti wolimbirako, yabwino kwa opanga zinthu zazikulu ngati timinibasi tanga. Harder & Steenbeck ya ku Germany nayonso nozzle zake n'zongoponyamo, ndipo imamasuka ndi zala. Paasche, kampani imene inayamba ku Chicago mu 1904, ili ndi mtundu wa H wa single action (kabatani kake kamangotsegula mpweya, kuchuluka kwa penti mumakonzeratu padera), umene penti ndi mpweya zimakumana kunja, wosavuta kuchapa ngakhale suchita mizere yopyapyala kwambiri. Chimodzi choti mudziwe: Badger ndi Paasche mazinga a paipi yawo ndi akeake, pamene Iwata ndi zopanda dzinazi zimagwiritsa ntchito mazinga a saizi ya 1/8. Mukaitanitsa imodzi mwa ziwirizo, muitanitsiretu kolumikizira, mungadzakhale nayo m'manja miyezi iwiri mukungoiyang'ana.

Wondifunsa kuti agule yotani ndimamuyankha kuti ya kapu ya pamwamba, double action, bowo pakati pa 0.35 ndi 0.5 mm, ndipo singano ndi nozzle zapadera zibwere ulendo womwewo. Ya kapu ya pamwamba imagwira ndi mpweya wochepa ndipo mutha kuikamo madontho asanu okha, zimene n'zofunika kwa ife amene kabotolo ka penti kamachokera kunja. Ya botolo la pansi imafuna mpweya wambiri kuti ikoke penti, ndi yabwino kwa olemba zikwangwani ndi opopera malaya. Za 0.2 zisiyeni kaye. Ndipo ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha chabwino, ine ndingayambe ndi kompresa ya thanki. Yanga yoyamba inalibe thanki, inkalira nthawi yonse, kutentha, ndipo mpweya unkabwera modukiza moti pa mzere wopyapyala mumaona timfundo. Imene ndili nayo pano ili ndi thanki ya malita 3, imadzizimitsa ikafika bar 4 n'kudzukanso ikatsika pa bar 3. Mpweya umayenda mosalala, umazizirako mu thanki, madzi ambiri n'kutsalira mmenemo, bola kukumbukira kumasula kanati ka pansi pa thanki kuti atuluke. Magetsi akazima mwadzidzidzi, mpweya wotsalamo umandikwanira kupopera madzi ochapira penti asanaume mkati. Kale ndinkachapa mumdima ndi manja.

Kuchapa sindikuchulutsa. Posintha mtundu, ndimataya wotsala, kupukuta kapu, kuthira madzi, kutseka kutsogolo ndi chala kuti mpweya ubwerere m'kapu n'kutukula zonse za mkati, kutaya, kubwereza mpaka madzi ayere. Pomaliza tsiku ndimasolola singano n'kuipukuta. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia musaviikemo airbrush, amadya chitsulo cha mkati. Waya kapena phini mu nozzle, ayi.

Chigoba cha kumphuno gulani. Ine ndinkati penti wa madzi alibe vuto, mpaka tsiku lina nditapenta minibasi yabuluu ndinamina buluu pa mpango. Pano ndimapentera pafupi ndi windo, kafani kakukankhira nkhungu panja, ndipo penti wa thinner wamphamvu ndimachitira pakhonde ana atapita kusukulu.

Yopanda dzina ija sindinaitaye. Ili ndi 0.5 yake, ntchito yake ndi primer ndi vanishi, zimene sindifuna kuti zilowe mu Iwata. Sabata yatha mwana wanga anaipempha kuti apente nyumba ya makatoni ya homuweki yake. Ndinamupatsa penti wa m'chubu, kapu ndi kamtengo. Anavundula, kukhudzitsa kadontho m'mbali mwa kapu, kakuima pomwepo osayenda, ndipo ndisanatsegule pakamwa anati, "Adadi, ili ndi phala eti?" n'kuthamangira kukatunga madzi ena.